Moni Wochokera ku Joni

Hidaya anachoka kwa a Jaffalie ku Makawa anthu atatuluka kale mumzikiti pa swala yomaliza. Za malonda zinatha dzuwa likadalipo, chomwe chinamuchedwetsa ndi makiyi a galimoto imene ankagulitsa. Ankati akatambasula dzanja kuti apereke, dzanjalo limabwerera lokha, mpaka a Jaffalie, geni yawo ya nsomba, anachita kuseka.

"Galimotoyo igone pano, mayi, makiyi mupite nawo. Mtima ukakhala pansi tidzamaliza mawa."

Galimotoyo anatumiza ndi mwamuna wake, Sumani, atangokhazikika ku Joni. Inabwera itayenda kale m'manja mwa ena, ya mipando isanu ndi iwiri, chitseko chake chokoka chikulira ngati mbuzi. Pa foni Sumani anati, "Uziisamala, ndi imene udzandichingamire nayo pa depoti." Hidaya anaphunzira kuyendetsa, ndipo galimoto ija inamulipira bwino. Inanyamula ana kusukulu, amayi apakati kuchipatala, ngakhale mbuzi za Idi, osagonapo panjira ngakhale tsiku limodzi. Amene anagona panjira ndi mwini wake. Mafoni anayamba kuchepa, kenaka kuti zii. Achibale anachita kutopa kumuuza Hidaya kuti mwamunayo anatchona, anapeza wina. Kuigulitsa galimotoyo kunali kuvomera zimenezo, koma iye ankamusowabe Sumani, kumusowa kopanda nako manyazi.

Pa siteji panalibe kabaza ndi mmodzi yemwe. Anayamba ulendo wapansi mu msewu wa ku Monkey Bay, makiyi ali m'nkhonya. Nyumba zinatha. Kunatsala milambe, ndi kamlatho koyandikana ndi manda.

Agalu amene ankauwa kumbuyo anangoleka onse pamodzi. Usiku wa Okutobala, koma mphepo yozizira inamulowa m'mafupa. Anafulumiza mapazi. Pamlatho... panali munthu! Atakhala pa chitsulo, jekete lachikopa atalitseka mpaka m'khosi.

"Alamu, kodi galimoto ija ikudzukabe kamodzi?"

Hidaya anabwerera m'mbuyo ndi mantha. Koma mawuwo ankawadziwa. Anali a Yasini a ku Chowe, anzake a Sumani, amene anayendetsa galimoto ija kuchokera ku Joni mpaka pakhomo pake.

"A Yasini, mwabwera liti? Ikudzuka, siinandivutepo."

"Ndinawauza ine kuti imeneyo siidzakuchititsani manyazi." Ankayankhula osamuyang'ana, maso ali kumadzi. "Akupatsani moni a Sumani. Sanakutayeni ayi. Tikukhala malo amodzi masiku ano, ndipo dzina lanu silichoka pakamwa pawo."

Mantha onse anathawa. Hidaya anamva mtima ukugunda ngati wa mtsikana.

"Ali bwino? Abwera liti?"

"Amafunitsitsa."

"Ndipatseniko nambala yawo, chonde."

Lole ya nsomba inatulukira pakhona. Kuwala kunadzaza mlatho wonse. Hidaya anatseka maso, n'kutsegula... Chitsulo chokha. Palibe jekete, palibe mtswatswa. Anaitana kawiri. Kunayankha achule.

Munthu wolakalaka sasowa chodzinamizira. Anadziuza kuti a Yasini atsikira kumunsi, mwina ankathamangira mnzawo, ndipo anafika kunyumba akumwetulira yekha mumdima. Tulo sanatione. Anatulutsa malaya a Sumani m'sutikesi, n'kuwayanika pampando kuti fungo la chinkhungu lichoke.

Kutacha anali kale ku Makawa.

"Sindikugulitsanso, a Jaffalie. Eni ake alipo."

"Ine ndinadziwa dzulo lomwe," anadandaula a Jaffalie, akuchotsa m'galimoto madengu amene anali atalongamo kale.

Anawoloka Shire, n'kukwera chitunda cha ku Chowe, galimoto ikudya miyala ndi mabampu mosanyinyirika. Njira yonse ankakonza mawu oti adzamuuze Sumani pa foni, ena okalipa, ambiri osakalipa. Ana anamulozera nyumba ya a Yasini. Pakhonde anapezapo akazi awo, a Zena, akusankha nandolo. Atalonjerana, Hidaya sanathe kuzungulira.

"Ndabwera kwa bambo. Tinakumana usiku pamlatho, anandipatsa moni wa amuna anga, koma nambala sanandisiyire."

A Zena anaika lichero pansi pang'onopang'ono.

"Bambo ake ati, mwanangu?"

"A Yasini. Anavala jekete lachikopa."

"A Yasini anamwalira ku Joni komweko, Ramazani zinayi zapitazo. Anaikidwa konko, ine ngakhale manda awo sindinawaone." Anamuyang'ana nthawi yaitali, kenaka anafunsa motsitsa mawu, "Ndiye akuti amuna anuwo ali kuti?"

"Akuti... akukhala malo amodzi."

Hidaya anakhala pansi pa dothi, mpango utagwera m'mapewa. A Zena anasendera pafupi n'kumugwira dzanja, ndipo Hidaya anayankhula.

"Amayi, inu munadutsamo kale. Ndiphunzitseni, maliro opanda mtembo amalira bwanji?"