Makina Oyenda Ngati Boti

Alima ankakhala ku Nkope. Alima ankafuna tebulo. Ankalembera homuweki pabondo. Zilembo zake zinkapindika ngati mbedza.

Bambo ake, a Atumani, anali kalipentala.

"Ndagula makina opalira matabwa," iwo anatero. "Akabwera, thabwa loyamba ndi lako."

Tsiku lina lole inafika. Anthu a lole anatsitsa chibokosi pamsewu. Di! Kenako lole inapita.

A Atumani anazula misomali. Anachotsa matabwa a bokosi. Anachotsa mapepala. Makina aja ndi awa! Anali obiriwira. Ankanunkhira girisi.

Koma shedi yogwiriramo ntchito inali patali. Pakati panali mchenga wokhawokha.

A Atumani anakankha. Makina sanasunthe.

Amalume ake a Alima, a Wadi, anakankha. Makina sanasunthe.

Amayi nawo anamanga chitenje n'kukankha. Makina anangomira mumchenga. Makina amwano!

Kumwamba kunada bii.

"Mvula ikubwera," anatero a Atumani. "Akanyowa achita dzimbiri."

Alima anada nkhawa. Makina akafa, tebulo lafanso.

Anayang'ana kunyanja. Asodzi ankakokera boti kumtunda. Pansi pa boti panali zipika. Zipika zinkagubuduka. Boti linkayenda.

"Ababa! Boti ndi lolemera, eti?"

"Ndi lolemera, mwanangu."

"Nanga bwanji likuyenda pamchenga?"

A Atumani anayang'ana boti. Anayang'ana makina. Kenako anaseka.

"Thamanga, Alima! Kawaitane!"

Alima anathamanga. Asodzi anabwera ndi zipika zawo. Anayala matabwa a bokosi pamchenga. Anatukula makina pang'ono. Analowetsa zipika pansi.

"Haya, kankhani!" anakuwa Alima.

Gubudu! Makina anasuntha.

"Haya, kankhani!"

Gubudu! Gubudu!

Asodzi ankanyamula chipika cha kumbuyo n'kuchiika kutsogolo. Makina anayenda ngati boti. Anayenda mpaka m'shedi.

Pomwepo mvula inayamba. Waaa! Anthu onse ananyowa. Makina okha sananyowe.

A Atumani anamanga mabauti. Amalume a Wadi anapukuta girisi. Kenako anayatsa makina. Vuuu! Thabwa linalowa lokhakhala. Linatuluka losalala.

"Ili ndi la ndani?" anafunsa a Atumani.

"Langa!" anakuwa Alima.

M'mawa mwake tebulo linatha. Alima anakhala patebulo. Anatsegula kope. Analemba mawu amodzi: boti.

"Amayi, taonani!"

Amayi anawerama n'kumwetulira. Panalibe mbedza ngakhale imodzi.