Mutu Wotsiriza wa Buku la Sesiliya

Lachitatu lililonse ndinkakwera minibasi kuchoka ku Nabvutika kupita ku Kasenengwa kukawerengera mnzanga Sesiliya buku. Iyeyo maso anali atafa ndi matenda a shuga. Anga analipo, koma ofiira ndiponso otuluka misozi, pakuti tabuleti yowerengerapo mabuku imene mdzukulu wanga Faith anandigulira ndinkayiwalitsa mpaka pamapeto. Ndinkayesa kuti nkhalamba imafuna kuwala kochuluka.

Bukulo linali lokoma kwabasi. Mkazi wina anapita ku migodi kukafunafuna mwamuna wake, ndipo tonse awiri tinkafunitsitsa kudziwa ngati akamupeza. Titatsala ndi mutu umodzi, Sesiliya anandigwira dzanja nati, "Usakamalize wekha, iwe Ireen. Ukatero ndidzadziwa."

Lolemba lotsatira anamwalira.

Monga mwa mwambo, amayi tinagona m'nyumba ya siwa pamodzi ndi bokosi, abambo ali panja pamoto. Maliro anali oti aikidwe m'mawa. Nyimbo zitaleka, mtima wanga unakana kugona. Mnzangayu alowe m'manda osadziwa mapeto? Ndinasendera pafupi ndi bokosi, ndinatsamira khoma, ndi kuyatsa tabuleti.

Chipinda chonse chinangoti ngwee! Yosefina, mlamu wake wa malemu, anadzambatuka pamphasa.

"Mayo ine! Aphunzitsi, nkhope yanuyo! Mufuna tiike maliro awiri? Zimyani chinthucho!"

"Amati 'zimitsani', Yosefina. Gonani."

Koma zilembo zinkavina. Maso ankatentha ngati ndathiramo tsabola, ndipo ndinalephera kumaliza ndime yoyamba. Faith, amene anagona kumapazi kwanga, anatambasula dzanja.

"Ambuya, mupsa maso. Bweretsani ndichepetse braitinesi."

"Kuwala, mwanawe. Liwu lilipo."

Anakoka chala pagalasi, kuwala kunatsika. Tsamba analisandutsa lakuda, zilembo anazikulitsa, zinakhala zachikasu ngati lawi la koloboyi. "Muziphethira," anatero, "ndipo muziyang'anako patali nthawi ndi nthawi." Atatero anafunda chitenje.

Ha! Maso anga anazizira ngati ndasamba madzi a m'mtsuko. Ndinayamba kuwerenga monong'ona, mokondwa ngati mwana wa sukulu.

Galasi lakuda limaonetsa zimene galasi lowala limabisa. Kuseri kwa zilembo ndinaona nkhope yanga ndi duku langa. Kenaka, pamwamba pa phewa langa lamanzere, ndinaona duku lina. Loyera. Lomwe lija la amayi a mumpingo limene tinamuveka Sesiliya masana.

Ndinatembenuka. Khoma lokha. Msana wanga unali utaligunda, popanda mpata woti n'kudutsa ngakhale mphaka.

Ndinayang'ananso pagalasi. Analipo. Fungo la fodya wake wam'mphuno, amene ankabisira abusa, linandifika bwino lomwe. Ndipo maso ake, maso aja anafa kale, ankatsatira mzere ndi mzere.

Chala changa chinathamangira pokwezera kuwala. Nditakweza, nkhopeyo inazimirira. Nditatsitsa, inabwerera. Ndinazindikira kuti kumuthamangitsa kapena kumusunga kunali m'manja mwanga. Tsitsi linandiimirira, komatu chimwemwe chinaposa mantha. Ndinatsitsa kuwala mpaka pansi penipeni.

Ndinawerenga mofulumira, poopa tambala. Tsamba linabwerera lokha m'mbuyo. Ndinapita patsogolo, linabwereranso. Ndi mmene ankachitira ali moyo, ndikathamanga ankandimenya pabondo kuti ndibwereze. Ndinabwereza, pang'onopang'ono, liwu lililonse m'malo mwake.

Mkazi wa m'buku uja anamupeza mwamuna wake ali ndi banja lina, akudwala, ndipo anamutenga kubwerera naye kumudzi. Nditatchula mawu otsiriza, mpweya wozizira unandikhudza khutu.

"Akanangomusiya konko."

Tambala analira. Pagalasi panatsala duku limodzi.

Nditakweza maso ndinaona Yosefina atakhala tsonga, chitenje ataluma kukamwa, akuyang'ana khoma lakumbuyo kwanga. Sanandilankhule pamanda, ngakhale posamba m'manja.

Mbiri inafika ku Nabvutika ine ndisanatsike minibasi. Pampopi akunong'onezana kuti aphunzitsi ali ndi galasi loitanira akufa, ndipo amalidetsa dala kuti alowemo. Ena aleka kundipatsa moni.

Dzulo madzulo kunabwera Tamiwe, mayi wamasiye wa kuseri kwa nyumba yanga. Anagwada pakhomo, nandipempha kuti ndichepetsekonso kuwala kuja chifukwa cha malemu mwamuna wake.

"A Lawrence sankakonda mabuku," ndinamuuza.

"Ankakonda nkhani za mpira, amama."

Faith wapeza kale buku la mpira. Tamiwe abwera usiku uno, ndipo ndamuuza kuti asakhale kumbuyo kwanga.