Kathabwa ka Mbalame

Kamtambo anaima m'shedi ya bambo ake atagwira thabwa long'aluka, misozi ikulengeza. Mtsikanayu dzinali anamupatsa ndi bambo akewo, omwe anali kalipentala, chifukwa maganizo ake sankakhalitsa pansi.

Mlongo wake wamng'ono anali atathyoka mwendo, ndipo ankangokhala chigonere, maso kukhoma. Kamtambo anaganiza zomukhomera kathabwa pawindo kuti mbalame zizibwera kudzadya iye akuona. Bambo anamupatsa thabwa limodzi lopyapyala, lonunkhira ngati nkhalango mvula itangokata. Koma mtsikanayo, m'mutu mwake mukuuluka kale mpheta ndi njiwa, anangotola sowo yaikulu koposa, ya mano ngati a ng'ona. Sowoyo inadumpha, inaluma, thabwa linang'aluka.

"Watsikako kumwambako?" anafunsa bambo ake akulowa, pensulo ili kukhutu.

"Ababa, ndaononga. Ndimati yaikuluyi ifulumira."

"Yafulumiradi," anatero akumwetulira. Anagwira chala cha mwana wawo n'kuchiyendetsa pa mizere ya thabwalo. "Izi ndi njira za mtengo, momwe madzi ankakwerera uli moyo. Sowo ya mano akuluakulu imafuna kutsata njira zimenezi. Podula mopingasa, makamaka thabwa lopyapyala chonchi, umatenga ya mano ang'onoang'ono. Imeneyo siluma, imanyambita."

"Mundipatsa thabwa lina?"

"Ayi, mama. Lotsalalo likwana."

Kamtambo anayang'ana pakhoma pomwe masowo anapachikidwa. Ulendo uno anayamba wakhudza mano ake, imodziimodzi, mpaka anapeza yofewa ngati chipeso. Anayamba kudula pang'onopang'ono. Sowo inkanong'ona, ndipo utuchi unkayandama m'kuwala kwa dzuwa kolowera pabowo la lata, ngati ufa wagolide. Anamva mbalame zikumuitananso m'maganizo, koma anaziuza chamumtima kuti zidikire, maso osachoka pa mzere wa pensulo.

Thabwa linaduka bwinobwino, m'mphepete muli see. Kungoti linatsala laling'ono ngati chikhatho.

"Apa pakwana mbalame imodzi yokha," anadandaula.

Analikhomabe pawindo n'kuthirapo nyenyeswa za buledi. Tsikulo palibe chinabwera. Mawa lake m'mawa, Kamtambo atakhala pamphepete pa bedi la mlongo wake, kampheta kanatera, kakupendeketsa mutu, n'kuyamba kujompha.

Mwanayo anafinya dzanja la mchemwali wake.

"Achemwali," ananong'ona, "musapume."