Waya Umene Sindinadule

Ndinafika mu mzinda uja Lachitatu dzuwa litangolowa, msana ukuwawa ndi mabampu. Ntchito yanga ndi ya magetsi, ndipo kwa zaka makumi awiri ndi zitatu anthu andidziwa ndi chinthu chimodzi: kudula. Akandituma kuti kadule waya ndimadula, kaya mwini nyumba agwade, kaya alire. Ulendo uwu abwana anandipatsa envulopu, nati muli keyala ya nyumba ina imene yawakanika anzathu a mumzindamo. Sindinaitsegule n'komwe. Za mawa ndimaziona mawa.

M'chipinda cha pa loji munali bedi, mpando umodzi ndi TV yoonetsa chimvula chokhachokha. Ndinasamba, n'kukhala pabedi. Zii wa kunyumba ndinamuzolowera chimwalirireni akazi anga zaka ziwiri zapitazo, koma zii wa m'chipinda cha eni amaluma mwa mtundu wina.

Mayi aja ankakonda kuvina. Ankavina akutsuka mbale, ankavina akusita. Chikwatiranireni pempho lawo linali limodzi: "Tsiku lina mudzanditengereko kumene kumaimba bandi." Ine yankho langa linali "mawa". Naini ikakwana ndinkazungulira nyumba yonse kuzimitsa magetsi, ndi wailesi yomwe, nyimbo ili pakati. N'chifukwa chake tikakhala awiri ankanditchula kuti a Zimitsani. Dzinali ngakhale mwana wathu salidziwa.

Potsegula chikwama ndinapeza kuti mwana wathuyo, polongedza, anaikamo shati yoyera. Amayi ake anandigulira shatiyo kuti ndidzavale tsiku la bandi lija. Inali ikadali ndi mapini a kusitolo. Ndinawachotsa limodzilimodzi, n'kuivala.

Pa kauntala panali mtsikana akuseweretsa foni.

"Achemwali, munthu wobwera akafuna kukasangalalako usiku amapita kuti muno?"

Anayang'ana imvi zanga, n'kuseka. "Adadi, zimatengera mawondo anu. Kudepoti kuli mabala, koma foni muisiye konkuno. Kuhotela ya pamtunda apo n'kwaulemu, kungoti anthu ake amamwa ngati ali pamaliro."

"Ine ndikufuna kumene kumaimba bandi, anthu n'kumavina awiriawiri."

"Iii, zimenezo zinatha kalekale. Munachedwa, adadi."

Mwanayo sankadziwa kuti wagunda pachilonda. Ndinatuluka.

Kudepoti ndinangosuzumira. Masipika ankagwedeza nthiti, ndipo ovina onse anali a msinkhu wa mwana wanga. Ndinapitirira. Ndinadutsa masitolo otseka, garaja, mlatho waung'ono. Anthu anayamba kuchepa. Magalimoto anatha. Ndinalowa mu msewu umene magetsi ake onse anali akufa, ndipo monga mwa chizolowezi changa ndinkayenda maso ali m'mwamba, kutsata mawaya.

Pamenepo ndinamva lipenga.

Linkaimba pang'onopang'ono, gitala akuliperekeza. Ndinalilondola mpaka pa holo ina ya chitseko chobiriwira. Pakhomo panali mababu ofiira ndi achikasu, aja akale otentha, amene tinasiya kuika kalekale. Bambo wina wa jekete lakuda anaima pambali pa chitseko. Sanandifunse tikiti.

"Lowani, akulu. Akudikirani."

M'katimo munali anthu mwina makumi atatu, akuvina awiriawiri. A bandi anali asanu. Palibe anandicheukira. Ndinaima kukhoma, ndipo maso a ntchito anayamba okha kuona zinthu. Usikuwo kunali kotentha, mawindo ali pululu, koma pa mababu onse aja panalibe kachirombo kouluka ngakhale kamodzi. Pansi panali pa matabwa. Anthu onsewo ankaponda, koma phazi silinkamveka.

Ndinayang'ana pa chifuwa changa. Tesita yoyesera magetsi imene ndimayenda nayo m'thumba inkayaka yokha, isanakhudze waya.

Mtima unati thawa. Ndisananyamule mwendo, ndinamva fungo la nsalu yongosita kumene. Dzanja linatera paphewa panga.

"Mwabwera, a Zimitsani. Shati yakukhalani."

Nkhope sindinaiyang'ane. Ndinaopa kuti mwina si iwo, ndinaopanso kuti ndi iwo. Maso anga anakhala pa khutu lawo lamanzere, pamene ndolo inang'ambapo mwana wathu ali wakhanda. Chipsera chinalipo.

Anthu amati dzanja la wakufa limazizira. Bodza. Linali lofunda, lokakala pang'ono ndi sopo wochapira. Anandikokera pakati, tinayamba kuvina. Ine kuvina sindikudziwa, ndipo ndinawaponda kawiri. Anaseka kuseka kuja kothera m'mphuno.

"Ndiye mawa wanu uja ndi ameneyu?"

"Pepani, mayi," ndinatero, misozi ikugwera pa shati yatsopano.

"Vinani. Zopepesa n'za kumaliro."

Ndinali ndi zambiri zoti ndiwauze. Kuti mwana wathu ali ndi pakati. Kuti maluwa awo a pakhonde anauma ngakhale ndinkathirira. Kuti mpaka lero ndimagona mbali yanga yokha ya bedi. Ndinkangowerenga mapazi mumtima kuti ndisawapondenso. Kenako anayandikitsa pakamwa kukhutu kwanga.

"Chonde, nyimbo ili pakati musazimitse."

Ndinatseka maso. Potsegula kunja kunali kutayera, ine nditakhala pa masitepe, shati itanyowa ndi mame. Chitseko chobiriwira chinali ndi tcheni cha dzimbiri. Mababu onse anali osweka. Kutsidya kwa msewu mlonda wa pa nyumba yosungira katundu ankapinda bulangete lake, akundiyang'ana mosadabwa.

"Inu ndinu achitatu chaka chino," anatero. "Holoyi inatsekedwa zaka khumi ndi ziwiri zapitazo. Anthu a muno amati amalowamo okhawo amene ali ndi wowadikira. Ine ndalondera pano zaka zonsezi, sindinamvepo ngakhale kulira kwa gitala."

"Nanga munthu amalowanso kachiwiri?"

"Amabwerera onse. Wolowanso sindinamuonepo."

Ku loji ndinavula shati, n'kutsegula envulopu ija. Kalatayo inali yaifupi. Holo ya chitseko chobiriwira, kuseri kwa mlatho. Nyumba yopanda anthu, koma mita yake imazungulira usiku uliwonse. Mafyuzi achotsedwa kawiri, osathandiza. Kwerani pa pholo mudule waya.

Cha m'ma teni ndinali pamwamba pa pholo, dalaivala wa kampani atagwira makwerero pansi. Ndinavala magolovesi. Ndinaika pulayala pa waya wopita ku holo. Mawaya amalira, aliyense wa ntchito yathu amadziwa, koma kulira kwake kumakhala kumodzi kosasintha. Uwu unkalira mokwera ndi motsika. Kulirako ndinakumva kukudutsa m'pulayala, m'dzanja, mpaka paphewa pamene panatera dzanja lija. Inali nyimbo yomweyo.

"Akulu, mwagona kumwambako?" anakuwa dalaivala. "Paja amati inu simuchedwa!"

Pambali panali waya wina wakufa, wa nyumba imene anaigumula kale. Ndinasuntha pulayala. Khethe! Ndinauponya pansi.

"Zatheka," ndinatero.

Linali bodza langa loyamba pa ntchito, ndipo ndikudziwa kuti tsiku likadzadziwika ndiye kuti yanga yatha.

Usiku umenewo ndinavalanso shati ija, n'kubwerera. Msewu unali bii. Panalibe lipenga, panalibe bambo wa jekete. Ndinagogoda mpaka zala zinatupa. Ndinaitana dzina lawo, limene sindinalitchulepo mokweza chiikireni maliro. Mlonda uja anangotembenukira kumbali, kundisungira ulemu.

Pakati pa usiku ndinazungulira kuseri kwa holo, n'kuwalitsa tochi m'bokosi la mita. Kambale kake kankazungulira bwinobwino, osathamanga, osaima. Ndinatsamira khoma, n'kumakayang'ana mpaka atambala. Sindinalowe, koma ndinadziwa kuti m'katimo magetsi akuyaka.

Tsopano papita miyezi isanu ndi itatu. Ulendo uliwonse wa ku mzinda uja ndimaupempha ndine, moti anzanga amandiseka kuti madala apezako wina. Sindiwatsutsa. Mwana wanga naye akabwera kudzandionetsa mdzukulu amadandaula.

"Adadi, mwakalambatu. Mwagonanso osazimitsa magetsi a kukhitchini, ndi wailesi yomwe."

Ndimangoti ndinaiwala.