Buku la Maulendo a Mlendo

Mtembo wa mlendo anaupeza 11:05 m'mawa, pansi pa phiko la kandege ka mipando iwiri. Mutu wophwanyika kunkhongo. Wotchi ili pamkono, pasipoti yakunja ili m'thumba.

Wofufuza milandu, amene anzake ankamutcha Kadzidzi poti saphethira, anaunjika antchito atatu a pabwalo la ndegepo m'kaofesi kosainira alendo.

Anayamba ndi wothira mafuta. "Akuti munatukwanizana naye."

"Bwana, iye amatukwana m'chilankhulo chake, ine m'changa. Mwina timalonjerana, ndani akudziwa?"

Munthuyo kuyambira 10 koloko mpaka 11 anali kugeti akutsitsa migolo, mboni zinayi. Kadzidzi anafufuta dzina lake.

Kenako mayi wa pawayilesi, amene amauza ndege potera.

"Mlendoyu amabwera kawirikawiri?"

"Kamodzi pachaka, ndi ndege yakeyake. Lero anatera 9:50."

"Munamva kukuwa?"

"Ayi. Koma 10:20 ndinamwa tiyi mwamtendere, chinthu chosachitika."

"Bwanji?"

"Makina otchetchera udzu anakhala chete."

Kadzidzi anakwera m'kandege. Mamapu alipo, mahedifoni alipo. Koma buku limene woyendetsa aliyense amalembamo komwe watera, mulibe. Wakuba wanji wosiya wotchi n'kunyamula buku?

Wotchetcha udzu anali nkhalamba yowonda, itakhala chowongoka ngati yameza ndodo.

"Bambo, tulutsani chimene chili m'malayamo."

Sanakane. Anaika bukulo patebulo ndi manja awiri.

"Zaka zitatu zapitazo mlendoyu anandinyamulira mwana wanga wamkazi, bwana. Akuti kuli ntchito ya m'hotela. Ndinamukweza ndekha, ndinachotsa ndekha timatabwa ta kumatayala. Kuchokera tsikulo, ngakhale foni. Akabwera ndimamuonetsa chithunzi, iye amandisisita paphewa n'kumaseka. Lero anachita ngati sakumudziwa n'komwe. Sipanala inali m'manja."

"Mwavomera?"

"Ndavomera. Koma mundiwerengere kaye. Ndatsegula, ndangoona zilembo zinayizinayi. Akuti amenewo ndiwo maina a mabwalo. Mupeze tsiku la 6 Malichi, muone anakatera kuti."

Kadzidzi anatsegula tsamba loyamba. Anayang'ana deti. Anapita kumapeto, anabwereranso koyamba, ngati masamba angaswane ena.

Anaitana mayi wa pawayilesi. "Buku likadzadza amatani nalo?"

"Amagula lina. Lakale mwina kwawo, mwina kudzala."

"Nanga kaundula wanu wa alendo?"

"Wa chaka chimenecho unadyedwa ndi chiswe. Komanso mlendoyu ankalembamo komwe akufuna kuti tikhulupirire."

Nkhalamba inayang'ana wina, n'kuyang'ana wina.

"Bwana, mwapapeza?"

Zaka makumi atatu akugwira anthu pabodza, Kadzidzi anasowa lake bodza limodzi lokha.

"Buku ili layamba Januwale chaka chino, bambo."

Kunja ambulansi yodzatenga mtembo inatseka chitseko. Nkhalamba inadzambatuka n'kukakamira zitsulo za pawindo.

"Aimitseni! Musapite naye! Sanandiyankhe!"