Mphete ya Zulmira

Chigoba chovinira gule chimene azungu anabweza chinafika Lachiwiri, m'bokosi la zidindo za ku Ulaya, ndipo Lachitatu m'mawa chinapezeka chitatembenuka.

Mayi Cecília, oyang'anira nyumba yosungiramo zinthu zakale, anali atachiika okha m'kabati ya galasi, nkhope kuloza kukhomo, kiyi n'kuponya m'chikwama. Koma kutacha, nkhope ya mkazi ija, ya maso otsinzina ndi mphini pamphumi, inali itayang'ana pakona, pomwe panali mpando wa mlonda.

"Ndi magalimoto a kumigodi awa, akamadutsa nthaka imanjenjemera," anatero mayi Cecília, n'kuchiwongola.

Anastásio, mlondayo, anangogwedeza mutu. Mapepala a azungu ankati chigobacho chinabedwa pa nthawi ya nkhondo ndi munthu wosadziwika. Munthu wosadziwikayo Anastásio ankamumeta ndevu m'mawa uliwonse, poti anali iye mwini.

Ali msilikali, njala itawapinda iye ndi anzake m'nkhalango za m'chigawo chino cha Lunda, anamva kuti m'manda ena muli dayamondi. Anafukula manda a wovina gule wina m'mbali mwa mtsinje. Dayamondi sanampeze. Anapeza chigoba chokulungidwa m'nsalu, ndi mphete ya mkuwa yomangidwa kutsitsi lake. Chigobacho anasinthanitsa ndi thumba la mchere ndi nsapato. Mphete anasunga, ndipo nkhondo itatha anaveka nayo Zulmira pa ukwati wawo, n'kumunamiza kuti anaigula kumzinda waukulu wa Luanda.

Madzulo a Lachitatu anasamutsira mpando kukona ina. Magetsi anathima monga mwa masiku onse, mdima n'kudzaza chipinda mpaka dzanja lake lomwe osaliona. Nkhululu zinalira panja, kenaka zinaleka zonse nthawi imodzi. Ndiye anamva kaphokoso, pang'onopang'ono, ka mtengo wouma ukukhula pathabwa. Kwee. Kachete. Kwee. Tochi anali nayo m'manja, koma chala chinakana kuyatsa. Kutacha, nkhope ija inali itamupeza.

Tsiku lomwelo Zulmira anadwala. Chala cha mphete chinatupa, chakudya anakana, ndipo ankangokhala pamphasa maso ali otsinzina, osagona koma osapenya. Kuchipatala anamuyeza malungo, anamuyeza magazi, sanapeze kanthu. Kumsika nkhani inali kale pakamwa. Ena ankati chigobacho chazolowera kuzizira kwa azungu, ena ankati chikufunafuna amene anachigulitsa. Anastásio ankapita kwawo modzera njira yakuseri.

Mantha ake sanali a ndende. Zulmira anali munthu yekhayo amene anamulandira atachoka kunkhondo, akukuwa kutulo, ndipo sanamufunsepo kuti kutchire anachitako chiyani. Tsopano mkaziyo ankatha ngati sopo.

Loweruka madzulo, anthu atatuluka, kunatsala a Sakalumbo, nkhalamba yomwe kale inkasema zigoba. Anaima pagalasipo nthawi yaitali, akupukusa mutu.

"Azungu aja abweza mkazi wopanda chake," ananong'ona. "Mphete ili kuti?"

"Mphete yanji, madala?"

"Iwe, wakulira kuti? Wovina akafuna chigoba chachikazi amapereka mphete ya mkuwa kwa wosema. Ndi chiwongo chimenecho, wakwatira chigobacho basi. Akamwalira, timawaika limodzi, mphete timaibweza kwa mkaziyo kuti ukwati uthe bwino. Wotenga mpheteyo watenga mkazi."

"Nanga... nanga munthu atapatsa wina?"

A Sakalumbo anamuyang'ana kuyambira kumapazi, n'kuseka pang'ono osaonetsa mano.

"Ndiye kuti waika akazi awiri pamphasa imodzi, mwana wanga, wamkulu osamuuza. Bweza. Koma udziwe, mphete ikabwerera sisankha ukwati woti uthe."

Mawu omalizawo Anastásio anawamva ndi khutu limodzi. Anathamangira kunyumba, nabwereka tupa kwa wokonza njinga, n'kugwada pambali pa mkazi wake.

"Mukutani kodi, bambo?" anafunsa Zulmira, mawu ali pansipansi. "Mphete yanga ya ku Luanda?"

"Si ya ku Luanda, mayi. Ndinaifukula m'manda."

Anamuuza zonse, za mchere ndi za nsapato, uku akucheka, misozi ikugwera pamkono wa mkaziyo. Mkuwa utaduka, Zulmira anapuma mozama n'kugona tulo.

Atabwerera kuntchito anakankhira mpheteyo kudzera pamng'alu wa pansi pa galasi. "Tengani chanu, mayi," ananong'ona, "wanga mumusiye." Anakhala pampando kudikira kaphokoso kaja. Kanamveka kamodzi kokha, kataliko kuposa masiku onse, kenaka nkhululu zinayambanso kulira.

Kutacha, chigoba chinali chitayang'ana kukhomo mowongoka bwino. Mphete sinali pathabwa pomwe anaikankhira. Inali kutsitsi la chigoba, yomangidwa mfundo, yathunthu, yopanda ngakhale pomwe tupa inadya. Kabati inali chikhomere.

Anastásio sanadikire mayi Cecília. Ali patali ndi kwawo anamva mtondo, ndipo mtima unamudumpha ndi chimwemwe. Zulmira anali pabwalo akusinja chigwada, akuimba, chala chitaphwa, maso ali gwa ngati sanadwalepo.

"Mayi! Mwadzuka?"

Zulmira anatsamiritsa musi, nakonza nsalu yake, n'kugwada patali monga amachitira ndi alendo.

"Ndadzuka bwino, kaya inu? Pepani, sindinakuzindikireni."

"Zulmira, usandiseke. Ndine Anastásio, mwamuna wako."

Mkaziyo anayang'ana dzanja lake. Pachala panalibe ngakhale kamzere koyera komwe mphete imasiya ikakhala zaka makumi awiri. Anamwetulira mwaulemu, momumvera chisoni.

"Mwasokera nyumba, bambo. Ine sindinakwatiwepo."