Lamba wa Fisi

Ntchito yanga ndi kulondola nyama zomwe tinaziveka malamba m'khosi. Lamba amatulutsa kaphokoso, ine ndikaloza eriyo ndimakamva pa kawailesi: ti... ti... ti. Ukamayandikira, kamakula. Palibe matsenga. Ndimafotokozera anthu zimenezi mpaka kukhosi kuuma.

Mu Okutobala fisi wathu wamkazi anakumba pansi pa waya wa nkhalango yotetezedwa, n'kuwoloka mtsinje wa Mkulumadzi kulowera ku Neno. Akuntchito anandituma kuti ndikamupeze, anzanga adzamugoneke ndi jakisoni n'kumubweza. Ndinafika pamudzi wina cha ku Lisungwi dzuwa likulowa, ana akutsekera nkhuku.

Anandilandira ndi a William, bambo amene fisiyo anawathera mbuzi. Nthabwala analibe.

"Fisi ameneyu si wanu," anatero. "Ali ndi mwini wake m'mudzi muno. Kachitsulo kanuko katisonyeze khomo lake basi."

Ndinaseka. Ndinaseka ndekha.

Mdima utagwira tinanyamuka, ine patsogolo, iwo ndi amuna ena pambuyo, zibonga ndi zikwanje m'manja. Ndinavala zomvera m'makutu, choncho kaphokoso ndinkakamva ndine ndekha. Ndinaloza kudambo, zii. Kumatanthwe, zii. Nditatembenukira kumudzi, ti... ti...

Tinadutsa mjigo. Tinadutsa tchalitchi. Panalibe galu ndi mmodzi yemwe wouwa, mudzi wa agalu ochuluka chonchija. Kaphokoso kankangokula mpaka tinaima pa kanyumba kaudzu kothera mudzi. Chitseko chinali chotseka, mkati koloboyi akuyaka. Ndinazungulira kuseri, ndikudzinamiza kuti mwina wabisala pansi pa nkhokwe. Ayi ndithu. Paliponse pomwe ndinaima, eriyo inkaloza khoma la nyumbayo.

Kenako fungo. Fungo la fisi sindingalisokoneze ndi china chilichonse.

"Muno ndi mwa a Laimoni, osoka nsapato," a William ananong'ona. "Amakhala okha. Kodi kachitsulo kanuko kakuti chiyani?"

Kumbuyo kwanga wina ankagwedeza bokosi la machesi. Ndinadziwa kuti ndikangovomera ndi mutu, bambo ali mkatimo saliona dzuwa la mawa.

"Batire yatha," ndinatero, m'makutu mukulira ti-ti-ti.

Anadandaula, wina ananditukwana, koma anabalalika. Ine tulo sindinatione. Ndinkachita mantha, ndipo chinkandikwiyitsa n'chakuti sindinkadziwa kuti ndikuopa ndani.

Kutangocha ndinabwererako ndekha. A Laimoni anali pakhonde, munthu wowonda wa imvi, akusoka patapata wa mwana. Pamphasa pambali pawo panali lamba wathu.

"Mwadzuka bwanji?" anatero osadzutsa mutu. "Tengani katundu wanu. Amamulemera, sakudya bwino."

Ndinamutola. Mabawuti anali omanga monga tinamangira. Lambayo sanadulidwe paliponse, magazi panalibe. Lamba ameneyu sangadutse mutu wa fisi, khosi lakelo ndinaliyeza ndine. Mkati mwake munali ubweya, ndipo munali mofunda.

"Mwamuvula bwanji, bambo?"

"Ndinamupempha. Inu pomuveka munamupempha?"

Anapitiriza kusoka. Kuseri kwa chitseko chinachake chinapuma mwamphamvu, n'kudzikanda. Sindinapemphe kulowa. Ndinaponya lamba m'chikwama, ndinatsanzika mwaulemu kuposa masiku onse.

A William ndinawapeza atakhala pa njinga yanga yamoto.

"Mwalawira, eti?"

"Ndinali kumtsinje. Lamba ndamupeza m'matope, fisi wapita."

Anayang'ana nsapato zanga. Zinali zouma, zafumbi lokhalokha. Kenako anayang'ana kanjira komwe ndinatulukira.

"Chabwino," anatero, akutsika panjinga. "Muyende bwino."

Ndinaliza njinga. Pagalasi ndinawaona ataimabe pomwepo, atandipatsa msana, maso ali kukanjira kaja.

Anthu a ku Lisungwi ndimakumana nawo kawirikawiri pamsika. Timakamba za mvula, za mitengo ya chimanga. Mpaka lero ndimaopa kufunsa ngati a Laimoni akusokabe nsapato.